Kasowo ka a Mkuwa

A Mkuwa sanalolepo kuti mota ituluke m'shopu mwawo isanapite pansi pa kasowo. Kaya mwini wake waima pakhomo akupondaponda kuti basi imusiya, kaya ntchito yaoneka kale ndi maso kuti yakhala bwino, iwo ankapisa dzanja m'thumba la shati, kutulutsa kasowo, kukapukuta pantchafu ya thalauza, ndiyeno n'kuyamba. Kanali kachidutswa chabe ka sowo yodulira zitsulo, kotalika ngati chikhatho, mano atatha kalekale. Munthu wina akanakapeza pansi akanangokakankhira m'ngalande ndi phazi.

Ntchito yawo inali yokulunga mamota opsa. Anthu ankabwera ndi madirilo, magulayinda, masitata a galimoto, timamota ta makina osokera, zonse zikununkha utsi. A Mkuwa ankamasula n'kutulutsa chapakati chozungulira chija, chimene amisiri amati amecha. Ankachotsa waya wopsa yense, kuyala timapepala tatsopano m'mipata, n'kukulunga waya wina wa mkuwa, wonyezimira, zala zikuyenda zokha. Dzina lawo linachokera pa waya ameneyo, ndipo mumsewumo panalibe amene ankakumbukira lina.

Pakona ya benchi panali chitsulo cholemera cha milomo iwiri yoyasama kumwamba. Akachiyatsa chinkalira ngati munthu wonenepa amene wagona chagada, ndiye anthu anachitcha Mkonono. A Mkuwa ankagoneka amecha pakamwa pa Mkonono, kuyatsa, kusanjika kasowo pamwamba mopepuka, n'kumatembenuza amechayo pang'onopang'ono ndi dzanja lamanzere. Mawaya akakhala bwino, kasowo kankangoti phee. Koma pamalo pamene mawaya awiri akhudzana mkati, pobisika pansi pa vanishi, kankayamba kunjenjemera n'kumalira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Zikatero ankamasula zonse n'kuyambiranso, osadandaula.

Amene ankaziona bwino zonsezi anali mlamu wawo, wokonza mawotchi. Kashopu kawo kanali tsidya lina la msewu, moyang'anizana ndendende, ndipo msewuwo unali wopapatiza moti munthu akayetsemula uku, wa uko ankamva. A Mawotchi sanali munthu wa mawu. Ankakhala pawindo kagalasi kali padiso, ndipo akatopa ndi tizitsulo ta m'wotchi ankadzutsa mutu n'kupumitsa maso pa alamu awo. Mlongo wawo ndiye anali mkazi wa a Mkuwa. Mayiwa ankasoka zovala m'chipinda chakumbuyo kwa shopu yomweyo, ndipo anthu ankawatchula kuti a Singano, ena poganizira ntchito, ena poganizira lilime.

Banjalo linayamba ndi mota. Makina a a Singano anapsa iwo akadali mtsikana, ndipo a Mawotchi ndi amene ananyamula kamotako kupita nako kwa mmisiri wa tsidyalo. Kanakonzedwa msanga, koma mmisiriyo anayamba kumabwera kunyumba kudzafunsa ngati kakuyenda bwino.

"Kakuyenda," a Singano ankayankha. "Nanunso yendani."

Sanayende.

A Mawotchi sankalowa m'shopu ya alamu awo. Ankaima pakhomo, phazi limodzi pasitepe. Kalekale analowamo ndi wotchi ya kasitomala m'thumba, n'kuweramira pa Mkonono kuti aonetsetse, ndipo wotchiyo inayamba kuthamanga ngati yaba kanthu. Maginito anali atalowa m'kasipuling'i kake. Kuyambira pamenepo malire awo anali pakhomo.

"Lowani, alamu, galu wathuyu saluma," a Mkuwa ankatero.

"Saluma anthu. Amaluma nthawi."

"Nthawi yanu yomweyi, yochedwa kale ija?"

A Mawotchi ankangomwetulira n'kumwera tiyi wawo pakhomo pomwepo, ataima.

Pamsomali pamwamba pa benchi panapachikidwa mkombero wa waya wokulunga kambirimbiri, waukulu ngati chibangili. Nsonga zake ziwiri zinalumikizidwa ku kababu kakang'ono kofiira. Batire panalibe. Kasitomala akayamba kudandaula kuti kasowo kakumuchedwetsa, a Mkuwa ankatsitsa mkomberowo n'kuuyandikizitsa pakamwa pa Mkonono, osakhudzitsa. Kababu kankayaka. Akaubweza kankazilala, akauyandikizitsanso, ngwee.

"Matsengatu awa, bambo," ena ankatero, akubwerera m'mbuyo.

"Si matsenga. Mphamvu ya maginito mu Mkononomu imapita uku n'kubwerera, uku n'kubwerera, osapuma. Waya wozungulira akakhala pafupi, magetsi amabadwa mwa iye ngakhale sanakhudze kanthu. Maginito atangokhala chete, palibe chimene chingabadwe. Ndiye m'mota mwanumu, mawaya awiri akakhudzana amapanga kamkombero ngati aka. Magetsi amathamanga mozungulira momwemo, malowo n'kusanduka maginito, n'kuyamba kukoka kasowo kanga. Mwamva? Tsopano khalani pansi."

Mwana wawo wamkazi anakula akumva mawu amenewa. Atakula anakhala mphunzitsi wa sayansi kusekondale, ndipo nthawi zina ankabwereka mkombero uja kukaonetsa ana m'kalasi. Bambo ake ankamutchula kuti Aphunzitsi, poyamba moseka, kenako dzinalo linangokhazikika.

Moyo unayenda motero mpaka tsitsi la amuna awiriwa linayera. Zinthu zinasintha m'mawa wina wa dzuwa. A Mawotchi atadzutsa mutu anaona alamu awo atagwira m'mphepete mwa benchi ndi manja onse, kenako n'kutsetsereka pansi mwakachetechete ngati thumba lopanda kanthu. Anawoloka msewu kagalasi kadakali padiso, akuitana mlongo wawo ndi mawu amene anthu a mumsewumo anali asanawamvepo.

Kuchipatala anati mtima ukumadumphitsa, nthawi zina n'kuima kaye ngati ukuganiza. Anawaika kamakina pansi pa khungu, kumanzere kwa chifuwa, kokhala ndi timawaya topita kumtima. Kamakinako kamamvetsera mtima, ndipo ukachedwa kamaukumbutsa.

"Ndiye akuikani wotchi, alamu," a Mawotchi anatero atakawaona pabedi.

"Eya. Ikayamba kuchedwa ndibwera nayo kwa inu."

"Bwerani. Koma ine ndimatsegula ndi mpeni."

A Mkuwa anaseka mpaka bala linawawa. Kusekako kunatha dokotala atabwera. Aphunzitsi anali atamufotokozera za ntchito ya bambo awo, mpaka kumujambulira Mkonono. Dokotalayo ananena mosazungulira. Kukulunga waya, akulunge mmene angafunire. Koma chitsulo chimenecho chikayaka, chifuwa chawo chisayandikire, ndipo anaonetsa ndi manja kutalika kwake. Anati kamakinako kakamva magetsi achilendo m'timawaya take, kakhoza kuyesa kuti ndi mtima ukugunda, n'kusiya ntchito. Pamenepo mtima ukhoza kuima popanda woukumbutsa.

"Mwamva, adadi?" Aphunzitsi anafunsa.

"Ndamva. Makutu sanawachite opaleshoni."

Atachira anabwerera kushopu. A Singano anali atakonzeka kale. Mashati onse a amuna awo anali atawasomola matumba n'kuwasokera kumanja, kuti kasowo kasamagone pamwamba pa kamakina. Pulagi ya Mkonono anaidula ndi sizasi yawo ya nsalu n'kuibisa pakati pa mabatani.

"Mukafuna kufa mukafere kwina," anatero. "Muno ndakolopa."

A Mkuwa anayambiranso kukulunga, ndipo zala sizinaiwale kanthu. Vuto linali potulutsa. Amecha ikatha ankaiika pashelefu, ina n'kuiika pambali pake, shelefu mpaka kudzaza. Eni ake akabwera ankawauza kuti sinathe.

"Koma bambo, si iyo ndikuionayo? Yatha bwinobwino."

"Sinayesedwe."

"Ndikaiyesera kunyumba."

"Mukaiyesere m'manja mwanu, ikakuphulikireni? Ayi."

A Singano anayesa kulowererapo. "Ndipatseni kasowoko ndigwire ine. Kugwira kachitsulo n'kovuta chiyani?"

"Zala zanu zimadziwa nsalu, mayi."

"Zala zanga zimapeza singano yogwera m'mulu wa zigamba. Zilephera kachitsulo kopanda mano?"

"Shoti, kukhudzana kwa mawaya kuja, ikakhala yaikulu aliyense angaimve, imachita kukuwa. Yaing'ono imangoyenda pachala ngati nyerere. Inu mungati ndi Mkonono ukugwedeza benchi, mota n'kupita kwa mwini wake ili ndi matenda. Kuti ndikuphunzitseni ndiyenera kugwira dzanja lanu pomwepo. Ndiima pati?"

A Singano anabwerera ku makina awo osokera.

A Mawotchi ankaonera zonse pawindo. Anaona makasitomala akale akudutsa shopuyo ndi mamota m'manja, nkhope atatembenuzira kwina. Anaona alamu awo akuboola lamba wa thalauza kuti athine. Masana a Mkuwa ankakhala pampando, kasowo kali m'manja, akungokatembenuza. Tiyi ankazizira pabenchi. A Mawotchi anadziwa kuti zikapitirira chonchi, chimodzi chichitika. Alamu awo adzayatsa Mkonono mobisa n'kuweramirapo, kapena adzatseka shopu n'kukafota kunyumba. Zonse ziwiri ankaziopa mofanana.

Tsiku lina a Singano anatuluka kukagula mazipi. Atangokhota pakona, a Mkuwa anasuzumira uku ndi uku, n'kutulutsa pulagi yatsopano m'thumba la thalauza. Anakoka chingwe cha Mkonono n'kuyamba kusenda nsonga zake. Kuyang'ana tsidya lina anaiwala.

A Mawotchi anachotsa kagalasi padiso. Anavula wotchi ya pamkono, natulutsanso ziwiri zimene zinali m'matumba, n'kuziyala patebulo. Kenako anawoloka msewu osathamanga.

"Alamu."

A Mkuwa anadzidzimuka, koma sanabise pulagiyo. "Musandiuze kanthu. Ndingoyesa imodzi yokha, ya kalipentala uja. Wabwera kangapo, ntchito yake yaima. Kanthawi kochepa basi."

"Sindikuuzani kanthu. Malizani kumanga."

A Mkuwa anawayang'ana mokayikira, koma anamaliza.

"Tsopano bwerani muime pano, pamalo panga."

"Inu mulowa muno?"

"Ndalowa kale."

Zoonadi, anali ataima pakati pa shopu, akuyang'ana makoma amene kwa zaka zonsezo ankangowaonera pakhomo. A Mkuwa, mwina chifukwa chodabwa, anapita kukaima pasitepe. A Mawotchi anatsitsa mkombero uja pamsomali, n'kuulowetsa m'thumba la shati yawo yoyera, kumanzere. Anagoneka amecha ya kalipentala pa Mkonono n'kuyatsa. Kulira kuja kunadzaza shopu. Ndiyeno anawerama mmene ankawaonera alamu awo akuwerama tsiku ndi tsiku, chifuwa pamwamba penipeni pa chitsulocho, n'kutembenuka pang'ono kuti wa pakhomo aone.

Thumba la shati linafiira. Kababu kankawala mkati mwa nsalu ngati khala lamoto. A Mawotchi anaweramuka, kuwala kunazilala. Anaweramanso, kunabwerera. Kenako anazimitsa Mkonono, m'shopu munangoti zii.

"Nsalu sinatchinge," anatero. "Khungu litchinga?"

A Mkuwa anakhala pansi pasitepe pomwepo. Dzanja lawo linapita lokha pachifuwa, pamene panatupa pang'ono chifukwa cha kamakina.

"Moyo wanga wonse ndakhala ndikuonetsa anthu zimenezi," anatero. "Ndimaganiza kuti ndi za mawaya a m'mota basi." Anapukusa mutu. "Ndiye nditseke, alamu. Mota yosayesa sindingapereke kwa munthu."

A Singano anawapeza ali choncho, amuna awo pakhomo, mchimwene wawo mkati.

"Achimwene, mwalowa muno? Lero kugwa matalala." Kenako maso awo anagwera pa pulagi. "Ndani wamupatsa mano galuyu?"

"Ndayatsa ndine, achemwali," a Mawotchi anayankha. "Awa sanayandikire."

Mayiwo anayang'ana nkhope ya amuna awo. Analowa kukateleka madzi a tiyi.

Masiku otsatira a Mkuwa sanakulunge kanthu. Ankatsegula shopu n'kukhala pampando, basi. A Mawotchi anayamba kuganiza kuti mwina awapulumutsa ku chinthu chimodzi n'kuwakankhira ku chinzake. Ankangogwira ntchito yawo, maso akupita tsidya lina pafupipafupi.

M'mawa wina anali ndi wotchi yaikulu ya pakhoma imene inkayenda motsimphina. Monga mwa nthawi zonse, anatenga kamtengo kowonda, nsonga imodzi n'kuigunditsa pa wotchiyo, inayo n'kuitsamiritsa kuseri kwa khutu. Mtengo umanyamula mawu, ndipo kugunda kulikonse kwa mkati kunkamveka m'mutu ngati wotchiyo ili momwemo. Ali chimvetserere choncho, anaona mlongo wawo akukolopa pakhomo pa shopu ndi chokolopera cha ndodo yaitali. Anayang'ana ndodoyo mpaka a Singano anaimika ntchito.

"Mukundiyang'ana chiyani, achimwene? Mukufuna mundithandize?"

"Ndibwerekeni ndodoyo."

"Mukolope kwanuko? Zayambika liti?"

"Ndodo yokha. Chinsanzacho sungani."

Loweruka Aphunzitsi anabwera, chifukwa amalume awo anawaitanitsa. Atamva ganizolo sanafulumire kuvomera. Anayeza pansi kuchokera pa Mkonono mpaka pamene dokotala ananena, n'kuwonjezerapo phazi lathunthu.

"Pajatu kababu kanazimira pafupi," a Mkuwa anatero. "Mzerewo ubwere kuno pang'ono."

"Kababu kuzima si kuti mphamvu yatha, adadi. Yangochepa moti singayatse babu. Kamakina kanuko kamamva tinthu tating'ono kuposa pamenepo. Mzere ukhala apa."

"Ndinakulipirira sukulu kuti uzindilamula m'shopu mwanga?"

"Eya, adadi."

Aphunzitsi anajambula mzere woyera ndi penti, kuchokera kukhoma mpaka kukhoma. A Singano anamangirira kasowo kunsonga ya ndodo ndi ulusi wolimba wosokera majini, ndipo mfundo yake inali yosamasuka ndi mano. A Mkuwa anaima kuseri kwa mzere, ndodo ili m'manja ngati munthu wowedza. Pashelefu panali amecha yakale imene ankaidziwa kuti ili ndi shoti yaing'ono. A Singano anaigoneka pa Mkonono, kuyatsa, n'kuyamba kuitembenuza.

Inazungulira yonse. A Mkuwa sanamve kanthu.

"Ndodoyi ikulemera kutsogolo," anatero. "Kasowo kakupanikizika. Kamafuna kungokhudza, osati kugona." Anatsitsa ndodoyo. "Zasiyana ndi dzanja, alamu. Mwayesetsa."

"Taimani kaye inu," a Singano anatero. Analowa kuchipinda kwawo n'kutuluka ndi lamba wautali wansalu. Anakwera pampando, Aphunzitsi atawagwirira, n'kumangirira lambayo pamtanda wa denga, kunsi kwake n'kupanga chigwinjiri cholowetsamo ndodo. Tsopano kulemera konse kunatsala pa lamba, ndipo kasowo kankangoyandama pamwamba pa amecha.

Anayesanso. A Mkuwa anatsinzina, nkhope itakwinyika. "Pali kanthu, koma kakusakanikirana ndi kulira kwa Mkonono. M'manja sizikufika bwino."

A Mawotchi anachoka pakhomo n'kuyandikira. Anagwira nsonga ya ndodoyo n'kuitsamiritsa pafupa la kuseri kwa khutu lamanja la alamu awo.

"Musagwire zolimba. Mvetserani ndi fupa."

A Singano anayambanso kutembenuza. Mpata woyamba unadutsa, wachiwiri, wachitatu. Mwadzidzidzi nsidze za a Mkuwa zinakwera.

"Imani! Bwererani pang'ono. Apo. Apo, mayi, ikani choko."

Aphunzitsi anasuzumira. Pamalo pomwepo panali kale kachizindikiro kakale ka choko, kamene a Mkuwa analemba okha asanadwale. Koma a Singano sanakhutire.

"Imeneyi mumaidziwa kale. Tembenukani, muyang'ane kumsewu."

Anasintha amecha amuna awo atafulatira, n'kuphimba shelefu ndi nsalu kuti asaone imene yachoka. A Mkuwa anamvetsera mpaka inazungulira yonse.

"Iyi ilibe vuto."

"Tembenukaninso."

Anagwedeza zitsulo pashelefu mwaphokoso, koma pa Mkonono anasiya yomwe ija. A Mkuwa anamvetsera nthawi yaitali, n'kupempha kuti izungulirenso.

"Iyinso ilibe vuto. Komanso ndi yomwe ija, mayi. Ili ndi kachilema kumapeto, ikumagunda pa mlomo wa Mkonono. Mwayamba liti chinyengo?"

"Tsiku limene ndinakuuzani kuti kamota kanga kakuyenda," a Singano anayankha. "Kankatentha."

Aphunzitsi anaseka mpaka kugwira khoma. A Mkuwa nawo anaseka, ndodo ikugwedezeka pakhutu, kenako anapukuta m'maso ndi mkono wa shati n'kunena kuti fungo la penti likuwalowa. Tsiku lomwelo amecha ya kalipentala inayesedwa n'kutuluka.

Pa ulendo wotsatira wa kuchipatala, Aphunzitsi anafotokozera dokotala za mzere ndi ndodo. Dokotala anayeza kamakina kaja, n'kupeza kuti sikanasokonezekepo, ndipo anati apitirize, bola mzerewo usafufutike. Sunafufutike. Ukayamba kutuwa, a Mkuwa ankaupaka okha.

Makasitomala anabwerera pang'onopang'ono, ena mwamanyazi. Enanso ankabwera opanda mota, kudzangoona bambo woyesa zitsulo ndi ndodo ya chokolopera. Ntchito inayamba kuyenda ndi anthu awiri. A Mkuwa akamaliza kukulunga ankaitana kuti, "Mayi, galu wanu uja," ndipo makina osokera ankaima kuchipinda. A Singano ankatuluka tepi ili m'khosi, akudandaula kuti diresi la mwini likudikira. Patapita miyezi, a Mawotchi anaona chinthu china. Nthawi zina dzanja la mlongo wawo linkaima lokha pa amecha, a Mkuwa asananene kanthu.

"Apa," a Singano ankatero.

"Ndimati ndinene."

"Ndiye nenani."

"Apo."

A Mawotchi anayambanso kuima pakhomo, mawotchi ali m'matumba. Kusiyana kwake kunali kwakuti tsopano alamu awo ankaima pafupi nawo, kuseri kwa mzere, ndipo Mkonono ukamalira ankamwera tiyi limodzi.

"Mawotchi awiri pakhomo," a Singano ankatero. "Onse ochedwa."

Amene anayamba kusiya ntchito anali a Mawotchi. Maso anachita chifunga, ndipo ngakhale ndi kagalasi, tizitsulo tinayamba kuoneka tiwiritiwiri. Mwana wawo wamwamuna anati abwere akakhale naye kumzinda wina, kufupi ndi chipatala cha maso ndi zidzukulu. Anakana kwa kanthawi, kenako anavomera.

M'mawa wonyamuka, katundu atakwezedwa kale m'galimoto, anawoloka msewu kukatsanzika. Anapeza pakhomo pali mzimayi wa saluni ndi chowumitsira tsitsi, akupondaponda.

"Agogo, makasitomala akundidikira. Mwati mwamaliza, ndipatseni ndizipita."

"Khalani pansi, mayi," a Mkuwa anatero. Ataona alamu awo anakweza dzanja. "Alamu, mundidikire pang'ono. Sinditsanzikana ndi munthu ntchito ili pakamwa pa Mkonono."

Mwana wa a Mawotchi analiza hutala kumsewu. Iwo sanatembenuke. Anaika phazi pasitepe, pamalo pawo.

A Singano anatuluka kuchipinda, tepi ili m'khosi, maso ali ofiira pang'ono, n'kugoneka kaamecha kaja pa chitsulo. A Mkuwa anaima kuseri kwa mzere woyera. Anatsitsa ndodo pamisomali yake, n'kukokera nsonga yake kwa iwo. Kasowo kanali pomwepo, komangidwa ndi ulusi womwe uja. Anakapukuta pantchafu ya thalauza, analowetsa ndodo m'lamba, nsonga inayo n'kuitsamiritsa kuseri kwa khutu. Mkonono unayamba kulira.

Ndi maso awo achifungawo, a Mawotchi sankaonanso kasowo. Ankaona ndodo yaitali, mlongo wawo kunsonga imodzi akutembenuza pang'onopang'ono, alamu awo kunsonga inayo atapendeketsa mutu, atatsinzina. Amecha inazungulira yonse.

"Ilibe vuto," a Singano anatero.

"Zungulitsaninso, mayi," anatero a Mkuwa. "Alamu sakuthamangira kwina."